Mmene mungaikire mtengo wa madzi, wa suweji ndi ndalama yokokera madzi kunyumba

Komiti ya madzi ikakhala pansi kuti ikambirane za mtengo, sipatenga nthawi wina asanafunse kuti, "Kodi anzathu a tauni inayo akulipiritsa zingati?" Funso limeneli liikeni kaye pambali. Madzi a ku Zomba amatsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Ambiri a ku Blantyre amawapopa mu Shire, pa Walker's Ferry, n'kuwakankha mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kudzera pa Chileka, akukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Bilu ya magetsi ya awiriwa singafanane, ndiye mtengo wa madzi awo ungafanane bwanji? Kukopera mtengo wa mnzako kuli ngati kumwa mankhwala amene dokotala analembera munthu wina.

Malangizo awa ndalembera makamaka makomiti a mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, aja timangoti ma WUA, komanso makhansala ndi alembi a makhonsolo amene akuyang'anira mipope ya pa tauni yaing'ono. Mabungwe akuluakulu asanu aja, Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board ndi atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera, amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995 ndipo mitengo yawo imadzera ku boma isanayambe kugwira ntchito, koma masamu ake ndi omwewa. Ndalama zonse zimene nditchule pansipa n'zongoyerekeza kuti njira ioneke. Inu muikepo zanu.

Choyamba: tulutsani malisiti a chaka chathunthu

Musatenge a mwezi umodzi kapena itatu. Mu Okutobala pampu imayenda usana ndi usiku chifukwa zitsime zauma ndipo aliyense wathamangira ku mpope. Mu Febuluwale anthu amatchera madzi a padenga, malonda amatsika, koma madzi a mumtsinje amakhala amatope ndipo amadya mankhwala ambiri. Chaka chonse ndicho chimanena zoona.

Lembani zonse: magetsi a ESCOM, dizilo wa jenereta magetsi akathima, klorini ndi mankhwala ena oyeretsera madzi, malipiro a pulambala, owerenga mamita, alonda ndi ogulitsa pa kiyosiki, mapaipi ndi zokonzera, mafuta a njinga yamoto, mapepala a mabilu, ndalama yoyezetsera madzi ku labu, ndi chiphaso chotungira madzi chochokera ku bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Maalawansi a komiti nawonso alembedwe poyera. Mukawabisa pansi pa mutu wakuti "zina ndi zina", tsiku la msonkhano anthu adzawafukula okha, ndipo pamenepo nkhani ya mtengo idzakhala itathera pompo.

Tiyerekeze kuti mutawonkhetsa n'kugawa ndi 12 mwapeza kuti pa mwezi magetsi ndi K2,400,000, mankhwala K600,000, malipiro K2,000,000, zokonzera K700,000, za muofesi K300,000. Zonse pamodzi K6,000,000.

Chachiwiri: ikanimo ndalama ya pampu imene isanafe

Apa ndi pamene masikimu ambiri amagwera. Pampu, thanki, mapanelo a sola ndi mapaipi akuluakulu anabwera ndi pulojekiti, ndiye komiti imaziona ngati mphatso yosatha. Ine ndinakhalapo msungichuma pa sikimu ina imene pampu yake inapsa m'chilimwe, m'buku la kubanki muli ndalama yosakwana n'komwe kulipira galimoto yokatenga ina. Tinakhala milungu yambiri amayi akutunga kudambo, ife tikuyenda ndi kalata yopempha thandizo. Zaka zonsezo tinkadzitama kuti madzi athu ndi otchipa.

Njira yake njosavuta. Pa chipangizo chilichonse chachikulu funsani mtengo wogulira china lero, osati umene anagulira a pulojekiti, ndipo funsani amisiri kuti chimakhala zaka zingati. Pampu ya K18,000,000 imene imakhala zaka 6 ikufuna kuti muzisunga K250,000 mwezi uliwonse, chifukwa zaka 6 ndi miyezi 72. Chitani chimodzimodzi ndi thanki, mamita ndi mapaipi. Tinene kuti zonse zakwana K1,200,000 pa mwezi. Ndalama imeneyi ikhale ndi akaunti yakeyake yosayinira anthu atatu, apo ayi idzapita ku maliro ndi ku misonkhano. Ngati muli ndi ngongole imene mukubweza, iwonjezeni pano.

Tsopano chimene sikimu ikufuna pa mwezi ndi K7,200,000.

Chachitatu: gawani ndi madzi amene alipiridwa, osati amene mwapopa

Khalani kaye pano, chifukwa mtengo wonse wagona pa sitepe imeneyi.

Madzi timawayeza m'makiyubiki. Kiyubiki imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Mita yaikulu ya pa thanki ikusonyeza kuti mumapopa makiyubiki 12,000 pa mwezi. Mlembi wachangu atenga K7,200,000 n'kugawa ndi 12,000, apeza K600, komiti iwomba m'manja. Pakutha pa miyezi itatu mudzakhala mukulephera kulipira magetsi, osadziwa kuti ndalama yalowera kuti.

Wonkhetsani mamita onse a makasitomala ndi a pa makiyosiki. Mudzapeza kuti sakufika 12,000. Ena anatayikira pansi pamene paipi inaphulika, ena anasefukira pa thanki usiku, ena anadutsa pa mita yakufa imene yakhala ikuwerenga nambala imodzimodzi chaka chonse, ena anabedwa ndi aja olambalala mita. Tinene kuti magawo 30 pa 100 alionse amasowa motero. Otsala ndi makiyubiki 8,400, ndipo K7,200,000 kugawa ndi 8,400 ndi K857.

Simunathebe. Kulemba bilu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Onani m'kaundula kuti pa K100 iliyonse imene munalemba chaka chatha, inalowa ndi zingati. Ngati ndi K85, gawani K857 ija ndi 0.85. Yankho ndi K1,008. Tingoti K1,000 pa kiyubiki, kapena K20 pa chigubu.

Yang'anani bwino kusiyana kwa K600 ndi K1,000. K400 imeneyo si mtengo wa madzi ayi. Ndi mtengo wa mapaipi odontha ndi wa anthu osalipira, ndipo mukufuna kuusenzetsa mayi amene amalipira bilu yake mokhulupirika. Iye ali ndi ufulu wokufunsani chimene mukuchitapo. Mutatsitsa madzi otayika kufika pa magawo 20, n'kumatolera K95 pa K100, mtengo womwewo utsika kufika pafupifupi K790 popanda kuchepetsa malipiro a munthu aliyense. Choncho musanapite kwa anthu ndi mtengo watsopano, lembani kuti mamita akufa musintha angati, paipi iti mukonza, ndi angongole ati amene muwatsatire. Ndipo tisanamizane, angongole aakulu kawirikawiri si amayi a kumsika. Ndi maofesi, masukulu ndi zipatala za boma zimene aliyense amaopa kuzidulira madzi, kuphatikizapo achibale a anthu a m'komiti momwemo.

Ngati mulibe mita yaikulu pa thanki, gulani imeneyo musanachite china chilichonse. Popanda iyo zonsezi n'zolota.

Chachinayi: gawani mtengo m'masitepe

K1,000 ija ndi mtengo wapakati. Si aliyense adzalipire yomweyo. Madzi akumwa, ophikira ndi osamba asafanane mtengo ndi othirira kapinga kapena otsukira minibasi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati malita 20 pa munthu pa tsiku ndiwo ochepetsetsa. Banja la anthu asanu pamenepo ndi malita 100 pa tsiku, makiyubiki atatu pa mwezi. Mpope ukakhala pakhomo anthu amagwiritsa ntchito oposa apo, ndiye sitepe yoyamba ya makiyubiki asanu kapena asanu ndi imodzi njokwanira. Mukaikulitsa kufika 15 kapena 20, mwatchipitsira madzi ngakhale anthu a mipanda ya njerwa amene sakusowa thandizo lanu.

Mukasankha mitengo, iyeseni ndi makiyubiki enieni a gulu lililonse. Mwachitsanzo, makiyosiki 2,000 pa K700 abweretsa K1,400,000. Sitepe yoyamba ya m'makomo, 2,400 pa K700, ndi K1,680,000. Sitepe yachiwiri, 2,000 pa K1,100, ndi K2,200,000. Mabizinesi ndi maofesi, 2,000 pa K1,600, ndi K3,200,000. Pamodzi K8,480,000, ndipo mukatolerapo K85 pa K100 mupeza K7,208,000. Zakwana, ngakhale mothinana. Zikapanda kukwana, sunthani nambala imodzi n'kuwerengeranso. Musakhulupirire maso.

Pali msampha umene masitepe amatchera osauka. Pa mdadada wa nyumba zalendi, mabanja asanu ndi atatu amatunga pa mpope umodzi wa alandilodi. Mita imaona ngati ndi nyumba imodzi yowononga madzi, n'kuwakweza pa sitepe yodula. Lembani malo otere m'kaundula padera, muwapatse mtengo umodzi wosakwera, kapena muchulukitse sitepe yoyamba ndi chiwerengero cha mabanja.

Ndalama yokhazikika ya mwezi ndi mwezi, ija munthu amalipira ngakhale sanatsegule mpope, ikhale yochepa: yowerengera mita, yosindikizira bilu ndi yodzasinthira mita ikafa. Ikakula imapweteka wogwiritsa ntchito madzi ochepa.

Chachisanu: pa kiyosiki

Mtengo umene mwaika pa mita ya kiyosiki si umene mayi wa chigubu amalipira. K700 pa kiyubiki ndi K14 pa chigubu. Koma wogulitsa akamati chigubu K50 chifukwa palibe chenji, mayi uja akugula kiyubiki pa K2,500, kuposa mwini malo ogona alendo amene akulipira K1,600. Wosaukitsitsa ndiye akulipira kwambiri, atasenzanso yekha pamutu.

Ikani mtengo wogwirizana ndi ndalama zimene zili m'manja mwa anthu, monga K20 pa chigubu kapena zigubu zitatu pa K50, kapena gulitsani matikiti a zigubu khumi nthawi imodzi. Ulembeni ndi penti pakhoma la kiyosiki. Malipiro a wogulitsa achokere ku ofesi monga tinawerengera poyamba paja, asamadzidulire yekha pa chigubu. Madzulo alionse mita iwerengedwe, ndalama iwerengedwe, ziwirizo zigwirizane, kupatula pang'ono pa madzi otayika potsuka zigubu.

Kumbukirani kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chigubu chikadula, anthu sasiya kumwa madzi. Amabwerera ku chitsime chosatetezedwa.

Chachisanu ndi chimodzi: suweji

Walira mvula walira matope. Madzi amene mwalowetsa m'nyumba ayenera kutulukanso, ndipo pamene pali mapaipi a suweji ndi maiwe oyeretsera zonyansa, ngati a ku Kauma ku Lilongwe, pali ndalama yoyendetsera. Matauni aang'ono ambiri alibe zimenezi, koma ena ali ndi kachigawo ka msika, chipatala ndi nyumba zingapo kolumikizidwa.

Zonyansa sizidutsa pa mita, ndiye timaziyeza ndi madzi amene nyumbayo yagula, poti ambiri mwa madziwo amathera m'paipi ya suweji. Sungani buku la suweji palokha: magetsi a mapampu ake, otsegula mapaipi akatsekeka, zovindikira mayenje zimene akuba amazula, kuchotsa matope m'maiwe. Ngati zonsezi ndi K900,000 pa mwezi ndipo olumikizidwa amagula makiyubiki 1,500, suweji ndi K600 pa kiyubiki, musanaikepo za osalipira zija. Ndalamayi ionekere pa mzere wakewake pa bilu.

Alipire okhawo olumikizidwa. Munthu wa chimbudzi chokumba kapena wa sepitiki yake musamulipiritse paipi imene sinafike kwawo. Malo ophera nyama, magalaja ndi mafakitale alipire mokwererapo, ndipo muwalamule kutchera mafuta ndi zinyalala zisanalowe m'paipi, chifukwa zawo n'zimene zimapha maiwe. Koma ndalama imene magalimoto opopa zimbudzi amalipira pokhuthula ku maiwe ikhale yotsika dala. Mukaikweza, dalaivala adzadikira mdima n'kukakhuthula mumtsinje.

Ngati madzi ali m'manja mwa bungwe lina ndipo suweji ili m'manja mwa khonsolo, gwirizanani polemba kuti bilu ikhale imodzi ndi tsiku limene ndalama ya suweji izitumizidwa. Bilu ya suweji yoyenda yokha salipira munthu, poti palibe chimene mungamudulire.

Chachisanu ndi chiwiri: ndalama yokokera madzi kunyumba

Iphwanyeni m'zigawo zitatu, ndipo kasitomala aone chigawo chilichonse pa pepala.

Chigawo choyamba ndi mtengo weniweni wa ntchito: mita, kabokosi kake, paipi yochokera pa paipi yaikulu, zolumikizira, vavu, kukumba ngalande, ndi tsiku la pulambala. Tengani mitengo m'masitolo atatu. Kenako ikani mtengo umodzi wa aliyense amene ali pa mtunda wosapitirira, tinene, mamita 25 kuchokera pa paipi yaikulu, ndi mtengo wa mita iliyonse ya paipi yopitirira pamenepo. Mukasiya kuti pulambala aziyerekeza yekha khomo ndi khomo, mwatsegula khomo la ziphuphu. Banja likafuna kukumba lokha ngalande, liloleni ndipo muchotsereni, bola kuya kwake akuone pulambala. Mita yokha igulidwe ndi sikimu, kuti isabwere yotchipa yofa pakatha miyezi iwiri.

Chigawo chachiwiri ndi chothandizira kukulitsa sikimu. Nyumba iliyonse yatsopano ikudya gawo la thanki ndi la pampu zimene ena analipirira kale. Ku banja wamba chigawochi chikhale chochepa, mwinanso osachiika n'komwe. Koma womanga malo ogona alendo, sukulu yogonera konko kapena nyumba makumi awiri zogulitsa alipire molingana ndi kukula kwa paipi imene akufuna. Paipi ya mainchesi awiri kukamwa kwake n'kokula ka 16 kuyerekeza ndi ya theka la inchesi. Sangalipire zofanana ndi mayi wa mpope umodzi pabwalo.

Chachitatu ndi dipoziti, yokwana bilu ya mwezi umodzi kapena iwiri, yobwezedwa munthu akamatseka akaunti. Imeneyi si yanu. Isalowe m'thumba logulira klorini. Pa mita yolipiriratu dipoziti njosafunika.

Tsono vuto lake ndi ili: banja limene lingathe kulipira K5,000 mwezi uliwonse silingathe kutulutsa K150,000 tsiku limodzi. Ndalama yokokera madzi ndiyo mpanda umene umasunga anthu pa mzere wa kiyosiki zaka ndi zaka, pamene inu mukufuna makasitomala ambiri oti mugawane nawo K7,200,000 ija. Lolani kuti alipire gawo limodzi la magawo atatu poyamba, yotsalayo muziika pa bilu kwa miyezi 12. Pa kampeni ya chisankho cha 2020 kunamveka lonjezo lolumikiza madzi ndi magetsi kwaulere, ndipo anthu adzakukumbutsani. Yankho lake n'lakuti mita ndi paipi zimagulidwa ndithu, ndiye "ulere" ukutanthauza kuti wina walipira. Ngati boma kapena bungwe lina lalonjeza kulipira, ndalamayo ifike kaye. Ngati palibe, olipira adzakhala makasitomala akale, kuphatikizapo a pa kiyosiki amene alibe mpope n'komwe.

Ikaninso lamulo la paipi yotalikitsa. Munthu mmodzi amalipira mamita 300 a paipi kuti madzi afike kwake, chaka chamawa anansi asanu alumikiza pa paipi yomweyo ndi ndalama wamba, mkangano mpaka kwa amfumu. Lembani kuti paipi ikaikidwa ndi ya sikimu, ndipo aliyense wolumikizapo m'zaka zitatu kapena zisanu zoyamba apereke gawo lobwezera woyamba uja. Ndalama yobwezeretsa madzi odulidwa ndi chindapusa cha wakuba madzi zilembedwe pa pepala lomwelo, ndipo chindapusacho chipose ndalama yokokera madzi mwachilungamo, apo ayi kuba kukhala kotchipa.

Chachisanu ndi chitatu: yesani ndi thumba la banja, kenako pitani kwa anthu

Muyeso umene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti madzi ndi suweji zisadye zoposa magawo atatu mpaka asanu pa 100 a ndalama imene banja limapeza. Tengani mabanja enieni a m'dera lanu, la mlonda, la mphunzitsi, la mayi wogulitsa tomato, muwerengere bilu yakale ndi yatsopano. Ikapitirira muyeso kwa otsika, bwererani ku masitepe.

Pa msonkhano musayambe ndi maperesenti. Nenani kuti, "Amene mumalipira K3,000 muzilipira K3,500, chigubu chikhala K20." Matani bilu ya ESCOM pa bolodi. Onetsani buku la kubanki la ndalama ya pampu. Itanani mafumu, a komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), amipingo ndi amalonda, koma nthawi ya msonkhano ikhale imene amayi angabwere, chifukwa otunga madzi ndi iwowo ndipo ndi amene akudziwa kuti mpope wa kumtunda umatulutsa madzi 2 koloko usiku basi. Mafumu muwaonere padera tsiku lisanafike, asamve koyamba pagulu. Dandaulo lakuti "tikulipira mpweya" limveni bwino, chifukwa pamene madzi amabwera modukizadukiza mpweya umazunguzadi mita. Ku Zambia ntchito younika mitengo yotere ili ndi bungwe lakelake, NWASCO. Pa sikimu yanu woyang'anira wamkulu ndi msonkhano umenewu, ndiye zonse zilembedwe m'maminitsi.

Chomaliza: chilolezo, chidziwitso ndi tsiku lounikanso

Tsatirani malamulo a bungwe lanu. Kwa WUA ndi msonkhano waukulu wa mamembala, pamodzi ndi ofesi ya zamadzi ya paboma kapena Water Board imene munasayinirana nayo mgwirizano. Kwa khonsolo, nkhani idzere ku komiti ya zachuma kenako ku msonkhano wa makhansala onse. Perekani chidziwitso cha masiku osachepera 30, pa makiyosiki, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, pa wailesi ya m'dera ndi pa bilu yomaliza ya mtengo wakale. Mtengo watsopano uyambe pa madzi ogwiritsidwa ntchito tsikulo litadutsa. Musaubweze m'mbuyo.

M'chigamulo chomwecho lembani mwezi umene muziunika mitengo chaka chilichonse. Kwacha inagwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 mu Novembala 2023, ndipo klorini, mamita ndi mapampu zonse n'zochokera kunja. Komiti imene inakhala zaka zisanu osakhudza mtengo poopa kudedwa imadzakakamizika kuuwirikiza kawiri tsiku limodzi. Onjezani chiganizo chakuti magetsi kapena mankhwala akakwera kupitirira mlingo umene mwagwirizana, komiti ikhale pansi pasanathe mwezi, osadikira chaka. Ngati kukwera kumene masamu akufuna n'kwakukulu kwambiri, kugaweni pawiri kapena patatu, motalikirana miyezi isanu ndi umodzi, ndipo masiku onsewo muwalengeze lero lomwe.